Dzulo Kapena Mawa?

Mudzi wa pagombe

Kumpoto kwa Metangula, pafupi ndi Messumba, kuli mudzi wa asodzi. Mudziwu uli m'boma la Lago, m'cigawo ca Niassa. Kumbuyo kwa mudzi kuli mapiri. Kutsogolo kwake kuli nyanja. Dzuwa limatulukira kumapiri, ndipo limakalowa m'nyanja. Kunja kukayera bwino, ana amaona mapiri a ku Malawi kutsidya, ang'onoang'ono ngati mitumbira ya mbatata.

M'mudzimu mumakhala mtsikana wa zaka 7. Iye ali m'kalasi yoyamba. Amakhala ndi amayi ake, atate ake, acimwene ake ndi agogo ake aamuna.

Amayi amalima cinangwa. Amayanikanso usipa pa thandala. Madzulo amaphika nsima ya kondowole.

Atate ndi msodzi. Amagwira nchito ndi anzawo pa khoka la cilimira. Nchito yawo ndi ya nyali. Usiku wa mdima iwo amatsogola ndi bwato laling'ono. Acimwene amapalasa, atate amayatsa nyali. Usipa umakonda kuwala, conco umasonkhana pansi pa nyali. Kenaka anzawo amauzinga ndi khoka, nayamba kukoka. Atate akapanda kupita, anzawonso sapita. Popanda nyali palibe usipa.

Agogo anasiya usodzi kalekale. Masiku ano amakhala pansi pa mtengo wa mango, namasoka maukonde ong'ambika. Maso awo amakhala ali kunyanja.

Mphepo zinayi

Tsiku lina madzulo mtsikana anakhala pafupi ndi agogo. Kamphepo kanali kuwomba pang'onopang'ono.

"Agogo, mphepo imeneyi ikucokera kuti?"

"Nyowetsa cala, ucikweze m'mwamba," anatero agogo. "Mbali imene wamva kuzizira, ndiko ikucokera."

Mtsikana ananyowetsa cala, nacikweza.

"Ikucokera kumapiri, agogo."

"Imeneyo ndi vuma. Mphepo iliyonse ili ndi dzina lake. Yocokera kumapiri, kum'mawa, ndi vuma. Yocokera kutsidya, kumadzulo, ndi zambwe. Yocokera mbali ya Cóbuè ndi mpoto. Yocokera mbali ya Meponda ndi mwera."

"Nanga yoopsa kwambiri ndi iti?"

"Mwera, mdzukulu wanga. Mwera umabwera nthawi yozizira, makamaka mu Juni, Julayi ndi Ogasiti. Ukayamba, umatha kuwomba masiku angapo osapuma."

"Cifukwa ciyani mafunde ake amakula conco?"

Agogo anajambula nyanja pamcenga ndi kamtengo. Anaijambula yaitali ndi yowonda ngati bwato.

"Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 500. Mwera umalowera kumapeto kuno. Umathamanga pamwamba pa madzi, popanda phiri kapena mtengo wouchinga. Ukamathamanga, umakankha madzi. Ukamafika kwathu kuno, mafunde amakhala atakula."

Agogo anaika kamtengo pansi.

"Nyanja si yosewera nayo. Mu 1895 Bishopu Chauncy Maples wa ku Likoma anamira m'nyanja muno cifukwa ca namondwe. Mu Julayi 1946 sitima yochedwa Vipya inamira kumpoto, mbali ya Malawi. Anthu 145 anafa. Imeneyo inali sitima yacitsulo. Nanga bwato la mtengo?"

Mtsikana anayang'ana bwato la atate ake pagombe. Linaoneka laling'ono kwambiri.

Miyala ya m'citini

Kusukulu mtsikana amaphunzira m'Cinyanja. Amawerenga m'Cinyanja. Amalemba m'Cinyanja. Amawerengeranso m'Cinyanja. Cipwitikizi amaciphunzira ndi khutu ndi pakamwa. Aphunzitsi amanena liwu, ana namabwereza.

Kale sizinali conco. Ana ankaphunzira zonse m'Cipwitikizi cokha, kuyambira tsiku loyamba. Atate ake a mtsikana sankamva zimene aphunzitsi awo ankanena, ndipo anasiya sukulu akadali aang'ono. Mu 1993 sukulu zina za ku Tete zinayamba kuyesa kuphunzitsa ana m'Cinyanja. Kuyambira mu 2003 njira imeneyi inafalikira kumadera ena a dziko la Moçambique.

Tsiku lina aphunzitsi anapatsa ana nchito ya kunyumba.

"Ana inu, madzulo ano muchere khutu ku wailesi. Mumvetsere nkhani za nyengo. Mawa aliyense abwere ndi liwu limodzi la Cipwitikizi."

Kunyumba kwa mtsikana kuli wailesi yaing'ono ya mabatire. Imagwira Rádio Moçambique ya ku Lichinga. Wailesi imeneyi imalankhula Cipwitikizi, Cinyanja, Ciyao ndi Cimakua. Ciyankhulo ciliconse cili ndi nthawi yake. Nthawi zina nkhani za m'Cinyanja zikamafika, atate amakhala atapita kale kunyanja.

Mtsikana anaika khutu pa wailesi. Munthu wa m'wailesi ankalankhula mofulumira ngati madzi a mumtsinje. Koma mtsikana anagwira liwu limodzi: chuva. M'mawa anakafunsa aphunzitsi. Iwo anati, "Chuva ndi mvula."

Mtsikana sankadziwa kulemba Cipwitikizi. Conco anatola kamwala pagombe, nakaponya m'citini. Kamwala kamodzi, liwu limodzi. Tsiku lililonse ankawonjezera kamwala. Madzulo ankakhuthula miyala yonse pamphasa, namachula mawu ake.

Chuva ndi mvula.
Vento ndi mphepo.
Lago ndi nyanja.
Onda ndi funde.
Forte ndi yamphamvu.
Pescador ndi msodzi.
Noite ndi usiku.

Liwu lakuti noite ankalidziwa kale. Anthu akakumana usiku amati, "Boa noite."

Kenaka anazindikira cinthu cina. M'Cinyanja amati mphepo yamphamvu. M'Cipwitikizi amati vento forte. Dzina la cinthu limatsogola, liwu lofotokoza limatsatira. Ziyankhulo ziwirizi zinali kuyenda mofanana, ngati anthu awiri opalasa bwato limodzi.

Koma pena zinali kusiyana. Funde likakhala ndi anzake, amati mafunde. Liwu lasintha kutsogolo. Onda ikakhala ndi anzake, amati ondas. Liwu lasintha kumbuyo. Msodzi, asodzi. Pescador, pescadores.

Miyala itakwana 10, mtsikana anayamba kunyada. Anaganiza kuti tsopano akumva wailesi.

Usiku woyamba

Linali tsiku la mu Julayi. Mwezi unali utafa, ndipo usiku unali wa mdima wabwino wa usipa. Atate anali kupukuta nyali. Acimwene anali kunyamula nkhafi. Wailesi inali kulankhula pakhonde.

Mwadzidzidzi mtsikana anamva mawu ake. Vento. Forte. Ondas. Pescadores. Mtima wake unagunda. Anathamangira kwa atate.

"Atate! Atate! Musapite kunyanja! Wailesi yati mphepo yamphamvu! Yati mafunde! Yachulanso asodzi!"

Atate anayang'ana nyanja. Inali bata.

"Wamva bwino, mwanangu?"

"Ndamva bwino, atate."

Tsiku limenelo agogo anali atapita kumaliro kumudzi wina. Panalibe wina womufunsa. Amayi anati, "Atate ake a mwana, nsomba sizitha m'nyanja. Gonani lero."

Atate anaika nyali pansi. Anapita kukauza anzawo. Onse anagona kunyumba.

Usiku wonse nyanja inangoti zii. Sikunawombe ngakhale kamphepo kogwedeza tsamba. M'mawa asodzi a makoka ena anabwerera ndi mabwato odzaza. Usipa unali mbwee pa mathandala onse. Thandala la amayi lokha linali lopanda kanthu.

Anzawo a atate anakwiya. Mmodzi anati, "Tagona ndi njala cifukwa ca mawu a mwana wa kalasi yoyamba!" Ana ena anayamba kumuseka mtsikana. Akamuona ankafuula kuti, "Vento forte! Vento forte!"

Atate sanamukalipire. Anangokhala cete. Madzulo banja linadya nsima ndi cigwada. Ndalama imene atate ankafuna kugulira ufa ndi sopo sinapezeke. Mtsikana anatenga citini cake, nakacibisa kuseri kwa nkhokwe. Sanafunenso kumva wailesi.

Mawu ang'onoang'ono

Agogo atabwerako kumaliro anamva nkhani yonse. Anaitana mtsikana.

"Citini cako cili kuti?"

"Ndacitaya, agogo. Wailesi imanama."

"Kodi yanama ndi wailesi, kapena khutu lako linagwira theka? Safunsa anadya phula. Pita ukafunse aphunzitsi."

M'mawa mtsikana anadikira kuti anzake atuluke. Kenaka anapita kwa aphunzitsi, nawafotokozera zonse.

Aphunzitsi anati, "Inenso ndinamva nkhani imeneyo. Mawu amene unagwira ndi oona. Koma panali mawu ena awiri amene anakupulumuka. Loyamba ndi Pemba. Pemba ndi mzinda wa kutali, kunyanja ya mcere. Laciwiri ndi ontem."

"Ontem nciyani, aphunzitsi?"

"Ontem ndi dzulo. Wailesi inkanena za mphepo imene inawomba kale, kudera lina."

Mtsikana anawerama. Misozi inalengeza m'maso.

"Usalire," anatero aphunzitsi. "Iwe wagwira nsomba zikuluzikulu. Zing'onozing'ono zapyola m'maso a ukonde. Tiyeni tikonze ukondewo."

Ana atalowa, aphunzitsi analemba mizere itatu pa bolodi.

Dzulo mphepo inawomba.
Lero mphepo ikuwomba.
Mawa mphepo idzawomba.

"Werengani," anatero aphunzitsi. Ana anawerenga.

"Kodi casintha nciyani pakati pa liwu?"

Mnyamata wina anakweza dzanja. "Poyamba pali na. Kenaka pali ku. Pomaliza pali dza."

"Wakhoza. Na amanena zimene zinapita. Ku amanena zimene zilipo. Dza amanena zimene zikubwera. Timawu timeneti ndi tating'ono ngati usipa. Koma msodzi akasokoneza na ndi dza, amagona ndi njala, kapena amakumana ndi mwera pakati pa nyanja."

Kenaka aphunzitsi ananena mizere yomweyo m'Cipwitikizi, ana namabwereza.

Ontem o vento soprou.
Hoje o vento sopra.
Amanhã o vento vai soprar.

"Ontem ndi dzulo. Hoje ndi lero. Amanhã ndi mawa. Tsopano mvetserani kaliwu aka: vai. Vai ndi mnzake wa dza. Mukamva vai, dziwani kuti cinthuco cikubwera. Vai chover, mvula idzagwa. Vai soprar, mphepo idzawomba."

Ana anaimirira. Aphunzitsi akati ontem, ana ankaloza kumbuyo. Akati hoje, ankaloza pansi. Akati amanhã, ankaloza kutsogolo. Akati vai, ankadumpha kamodzi kupita kutsogolo. Anacita conco mpaka belu linalira.

Dziko lina la nyanja

Tsiku lotsatira mtsikana anafunsanso funso.

"Aphunzitsi, kodi wailesi imadziwa bwanji za mawa?"

"Ku Maputo kuli ofesi ya boma yoona za nyengo, yochedwa INAM. Anthu ake amayeza mphepo, mvula ndi kutentha. Amayang'ananso zithunzi za mitambo zojambulidwa kucokera kumwamba. Akaona coopsa, amatumiza cenjezo ku wailesi. Mu Disembala 2024 anacenjeza anthu namondwe Chido asanafike kugombe la Cabo Delgado."

"Nanga zipangizo zoyezera anazitenga kuti?"

"Zina anagula, zina anathandizidwa ndi maiko ena. Madzi osefukira a mu 2000 atawononga kumwera kwa dziko lino, dziko la Finland linathandiza INAM kukonzanso nchito yake."

Ana sanamvepo za Finland. Aphunzitsi anatambasula mapu, naloza pamwamba penipeni.

"Finland ili apa, kumpoto kwa Ulaya. Nalonso ndi dziko la nyanja. Lili ndi nyanja zoposa 180,000, zazikulu ndi zazing'ono. Nthawi yozizira madzi a pamwamba amauma gwa ngati mwala. Anthu amayenda pamwamba pa nyanja. Amaboola dzenje, naponya mbedza."

Ana anaseka. Sanakhulupirire.

"Ndi zoona," anatero aphunzitsi. "Ndipo kumeneko kuli anthu ocokera kumaiko ena amene sadziwa Cifinishi. Wailesi ya dzikolo, yochedwa Yle, imawerenga nkhani zina pang'onopang'ono, ndi mawu osavuta. Alendowo amachera khutu, namatola mawu limodzi limodzi. Ena ndi akuluakulu a imvi, koma amayamba monga mwayambira inu."

"Iwo mphepo amaichula bwanji?" anafunsa mtsikana.

Aphunzitsi anafufuza pa foni yawo, nawerenga.

Tuuli ndi mphepo.
Sade ndi mvula.
Myrsky ndi namondwe.
Vene ndi bwato.
Järvi ndi nyanja.

"Cilembo j iwo amaciwerenga ngati y. Tsono taonani izi. M'Cinyanja, pofuna kunena malo, pa amakhala kutsogolo: pa nyanja. M'Cifinishi amalumikiza kumbuyo: järvi, järvellä."

"Nanga dza wawo ndi uti?"

Aphunzitsi anafufuzanso.

"Alibe dza. Alibenso vai. Tänään tuulee, lero kukuwomba mphepo. Huomenna tuulee, mawa kudzawomba mphepo. Liwu laciwiri silisintha. Amene sanamve huomenna sangadziwe kuti akunena za mawa."

Mtsikana anaganiza za munthu wa imvi wa ku Finland, atakhala pafupi ndi wailesi. Mwina nayenso anasokonezapo dzulo ndi mawa. Madzulo anapita kuseri kwa nkhokwe, natenga citini cake. Anaponyamo miyala inayi yoyera: ontem, hoje, amanhã, vai.

Usiku waciwiri

Panapita masabata anayi. Mwezi unakula, unacepa, unafanso. Usiku wa mdima unabwerera.

Madzulo amenewo kunali bata. Atate anali kuthira mafuta m'nyali. Mtsikana anali pakhonde, citini cili pamiyendo. Wailesi inayamba nkhani za nyengo. Iye anatseka maso kuti amve bwino.

Anamva pescadores. Anamva Lago Niassa. Anamva esta noite e amanhã. Anamva o vento vai soprar forte.

Anawerenga pa zala. Ndani? Asodzi. Kuti? Nyanja yathu. Liti? Usiku ndi mawa. Ndipo vai analipo. Ontem panalibe.

Mtsikana anaimirira, koma miyendo inalemera. Anakumbukira thandala lopanda kanthu. Anakumbukira ana omuseka. Akalakwanso, atate adzagonanso ndi njala. Akakhala cete, atate ndi acimwene adzakhala pakati pa nyanja m'kabwato kakang'ono.

Anapita kwa atate, nagwada.

"Atate, wailesi yanenanso za mphepo."

Atate sanasiye kuthira mafuta.

"Mwanangu, mwezi watha tinagona ndi njala."

"Ndinalakwa, atate. Tsiku lija inanena za dzulo, ndiponso za ku Pemba. Lero yachula nyanja yathu. Yati vai. Vai ndi dza. Mphepo idzawomba usiku uno ndi mawa."

Acimwene anaseka. "Taona nyanjayo. Ili ngati madzi a m'mbale."

Mtsikana anathamangira ku mtengo wa mango.

"Agogo, tiyeni mukaone nyanja."

Agogo anatenga ndodo yawo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pagombe. Atate anawatsatira. Agogo analowa m'madzi mpaka m'mawondo, naima cete nthawi yaitali.

Mphepo kunalibe. Koma madzi anali kukwera ndi kutsika pang'onopang'ono, ngati cifuwa ca munthu wogona. Funde lalitali linkabwera mwakacetecete, n'kukwera pamcenga, n'kubwerera. Patapita kanthawi linkabweranso lina.

"Mwaliona funde limeneli?" agogo anafunsa atate. "Kuno kulibe mphepo. Nanga walikankha ndani? Mwera wayamba kale kumwera uko. Mafunde ake atsogola, mwini wake ali m'mbuyo. Mwanayu wamva bwino."

Atate anayang'ana madzi. Anayang'ana mwana wawo. Kenaka anapita kwa anzawo.

Anzawo sanakondwe. Mmodzi anati, "Mwana yemwe uja?" Atate anayankha kuti, "Mwana wamva wailesi. Mkulu waona madzi. Awiriwa anena cimodzi. Ine nyali sindiyatsa."

Anthu anathandizana kukokera mabwato kumtunda. Atate anauzanso asodzi a makoka ena. Ambiri anamvera. Koma a khoka limodzi anati, "Tipita pafupi pompa, tibwerera msanga." Nyali zawo zinaoneka zikupita kutali, mpaka zinakhala ngati nyenyezi.

Pakati pa usiku mtsikana anadzidzimuka. Udzu wa padenga unali kulira. Citseko cinali kugwedezeka. Kugombe mafunde anali kugunda ngati ng'oma. Mwera unali utafika.

Anasuzumira m'cipinda. Atate analipo. Acimwene analipo. Nyali zinali pakona, zosayatsa.

Kutaca

M'mawa anthu onse anali pagombe. Nyanja inali yakuda, mafunde ali ndi thovu loyera. Asodzi a khoka lija anali asanabwere. Akazi awo anaima m'madzi, maso ali kumpoto. Palibe amene ankalankhula.

Dzuwa lili pamutu, mnyamata wina anafuula. Anthu anali kubwera wapansi m'njira ya m'mbali mwa nyanja. Anali asodzi aja. Onse anali moyo. Mphepo inawakankhira kumpoto, nikawataya pagombe la mudzi wina. Khoka anadula kuti bwato lisagubuduke. Nyali zinamira. Bwato limodzi linasweka pamiyala.

Mwera unawomba masiku atatu. Masiku onsewo palibe amene anapita kunyanja. Banja la mtsikana linadyanso nsima ndi cigwada. Koma pa mphasa panali anthu asanu, monga mwa masiku onse.

Tsiku lacinayi nyanja inagona. Atate anapita, nabwerera ndi usipa. Atagulitsa, anagula ufa ndi sopo. Anagulanso mabatire awiri atsopano, nawapereka kwa mtsikana.

"Awa ndi a wailesi. Madzulo alionse uzikhala pafupi nayo."

"Nanga ndikalakwanso, atate?"

"Ukamva, uzinena zimene wamva. Zimene sunamve, uzinenanso kuti sunamve. Kenaka tizikafunsa agogo ako ndi nyanja."

Agogo anagwedeza mutu. "Wailesi imaona kutali, koma siiona gombe lathu. Ine ndimaona gombe lathu, koma sindiona kutali. Ndipo maso anga akutha. Iwe uphunzire zonse ziwiri, mawu a wailesi ndi mayendedwe a madzi."

Madzulo amenewo mtsikana anakhuthula miyala yake pamphasa. Inali itakwana 23. Atate anabwera, nakhala pambali pake. Anatola kamwala koyera, nakatembenuza m'dzanja.

"Aka ndi kati?"

"Ako ndi vai, atate."

"Vai," anatero atate. "Ndiye dza."

"Eya, atate. Nanga aka?"

Atate anaganiza pang'ono.

"Ontem. Mawa."

"Iyayi, atate. Ontem ndi dzulo."

Acimwene anaseka. Amayi anaseka. Atate nawonso anaseka, natola kamwalako kaciwiri.

Mafunso

1. Chulani mphepo zinayi za panyanja. Iliyonse imacokera kuti?
2. Usiku woyamba, ndi mawu ati awiri amene mtsikana sanamve?
3. Ndi kaliwu kati ka Cipwitikizi kamene kamafanana ndi dza?
4. Agogo anaona ciyani m'madzi?
5. Cifukwa ciyani atate sanayatse nyali usiku waciwiri?

Nchito ya kunyumba

Pezani citini ndi timiyala. Madzulo mvetserani nkhani za nyengo pamodzi ndi makolo. Mukagwira liwu latsopano, ponyani kamwala m'citini. Funsani mafunso atatu: Ndani? Kuti? Liti? Kenaka pemphani agogo kapena munthu wina wamkulu kuti akuuzeni mmene iye amadziwira kuti mphepo kapena mvula ikubwera. Mawa mukafotokozere anzanu m'kalasi.